Tsenga lolumikiza patapata, ndi ena onyozeka a mu Dungeons & Dragons

Osewera Dungeons & Dragons akayamba kukangana za matsenga amphamvu, sipatenga nthawi wina asanatchule Fireball. Munthu wam'masewerawo amaloza chala, kakuwala kamathamanga mpaka mamita 45, kenako moto umaphulika n'kupsereza zonse zimene zili pa mamita 6 mbali zonse. Woseweretsa munthuyo amatola madayisi 8, n'kuwakhutula patebulo, anzake atazungulira akuwonkhetsa mokweza. Ndi nthawi yokoma, inenso ndimaikonda. Koma funso limene limandikhala m'mutu ndi lina. Akanati matsengawa atuluke m'buku la malamulo a masewerawa, munthu apatsidwe mtundu umodzi woti azigwiritsa ntchito kuyambira Lolemba mpaka Loweruka, pakhomo, kumsika ndi kumunda, angasankhe uti? Ine ndingasankhe Transmutation, matsenga osintha ndi kukonza zinthu zimene zilipo kale, makamaka timatsenga take timene osewera ambiri satiyang'ana n'komwe.

Kwa amene sanaonepo masewerawa, ndi nthano yofotokozerana. Anthu angapo amakhala patebulo ndi mapepala, mapensulo ndi madayisi. Mmodzi, amene amamutcha Dungeon Master, amafotokoza dziko ndi zochitika, ena aliyense amakhala ndi munthu wake wam'nthanomo, ndipo dayisi ya mbali 20 ndi imene imagamula ngati zimene wayesa zatheka. Palibe choitana mizimu, ndi masamu ndi nkhani basi, ngakhale kuti ku America komweko m'ma 1980 makolo ndi mipingo ina ankawaopa kwambiri. Anawatulutsa mu 1974 ndi Gary Gygax ndi Dave Arneson, kudzera ku kampani ya TSR ya ku Lake Geneva m'chigawo cha Wisconsin, ndipo kuyambira 1997 ali m'manja mwa kampani ya Wizards of the Coast. Malamulo amene ndikutsatira pano ndi a 2014. Amagawa matsenga m'magulu 8: Abjuration oteteza, Conjuration oitanitsa zinthu ndi kusamutsa anthu, Divination oulula zobisika, Enchantment okhotetsa maganizo a munthu, Evocation otulutsa moto ndi mphezi, Illusion onyenga maso, Necromancy okhudza imfa, ndi Transmutation.

Chifukwa chimene ambiri mwa matsengawa alili omenyera nkhondo chili pa chiyambi pake. Masewerawa anaphuka kuchokera ku masewera a nkhondo a timiyala ndi tizidole, makamaka Chainmail ya 1971, momwe mpira wamoto ndi mphezi zinkagwira ntchito ya mizinga. Ndiye mukatsegula buku n'kumafufuza chothandiza pakhomo, mumadutsa masamba ambiri a zowotcha, zoumitsa ndi zophulitsa. Evocation ndiisiya pomwepa. Chokhacho chimene ndingasirire m'gululi ndi Light, tsenga loyatsa chinthu chilichonse chimene mwakhudza kuti chiwale ola lathunthu. Magetsi akazima mwana ali ndi mayeso mawa, mungakhudze supuni n'kuiika pamwamba pa kabati. Zinazo sizingakhale pafupi ndi denga laudzu kapena nkhokwe.

Pali lamulo lina limene limasintha nkhani yonse. Matsenga akuluakulu amatha. Munthu wongoyamba kumene, wa levulo 1 (msinkhu woyamba wa mphamvu zake), ali ndi mipata iwiri yokha yochitira matsengawa patsiku, akaigwiritsa ntchito basi, adikire mpaka atapuma maola 8. Maganizo amenewa Gygax anawatenga m'nthano za Jack Vance, momwe tsenga limafufutika m'mutu mukangolilankhula. Koma pali timatsenga ting'onoting'ono totchedwa cantrip, timene m'malamulo a 2014 mutha kubwereza kuyambira m'mawa mpaka usiku osataya kanthu. Palinso ena amene mungawachite ngati mwambo, n'kuwonjezera mphindi 10 koma osadya mpata. Moyo wa tsiku ndi tsiku suli ndi chinjoka chimodzi chachikulu choti muchigwetse kamodzi. Uli ndi timavuto tambirimbiri tobwera tsiku lililonse, ndiye tsenga loyenera ndi limene silitha.

Yambani ndi Mending. Limatenga mphindi imodzi, mutagwira timiyala tiwiri ta maginito, ndipo limalumikiza chilichonse chothyoka kapena chong'ambika, bola mng'aluwo usapitirire masentimita 30. Likatha sipakhala ngakhale chipsera. Bukulo limatchula unyolo woduka, kiyi wothyoka pakati, chovala chong'ambika. Ine ndimaganiza za patapata. Kamtambo kake kakazuka pakati pa zala, timakabowola ndi msomali wotentha, kapena kupisa kawaya pansi n'kukapinda, ndiye umayenda kawayako kakukwecha pansi, mwina kukubaya kuphazi, mpaka tsiku limene kadzang'ambe mphira yonse. Ndimaganiza za beseni lapulasitiki long'aluka kuchokera m'mlomo kutsika, limene amalisoka ndi waya kenako n'kusungunulirapo chidutswa cha chigubu chakale ndi mpeni wofiira, utsi wakuda ukununkha bwalo lonse, ndipo likadzaza madzi limadonthabe pang'onopang'ono pamene panathera msoko. Mtsuko umene unagwa pachitsime, zipi ya yunifolomu, mpini wa khasu, neti yoteteza udzudzu imene ili ndi bowo lolowa chibakera, tcheni cha njinga ya kabaza chimene chaduka ali pakati pa ulendo, kasitomala ali pambuyo. Pakhomo pa munthu wosauka ndalama sizithera pa kugula zatsopano zokha, zambiri zimapita pogulanso chinthu chomwe chija chimene chinathyoka chisanakalambe. Mphindi imodzi pa chilichonse, kopanda malire patsiku. Sindikudziwa tsenga lina m'buku lonselo limene lingasunge ndalama zambiri chotero m'thumba la mayi wogulitsa tomato.

Wina anganene kuti ndiye osoka nsapato pansi pa mtengo aja, atelala apakhonde ndi owotcherera zitsulo adzadya chiyani. Nkhawayi si yopanda pake, koma lamulolo lili ndi malire ake. Mending imalumikiza chothyoka, sibwezera chodyeka. Chidendene cha nsapato chimene chatha ndi msewu si mng'alu, chimafunabe munthu wodula mphira ndi kukhomera. Diresi lothina limafunabe telala. Ngakhale Fabricate, tsenga lalikulu la levulo 4 (matsenga nawonso ali ndi malevulo awo, osiyana ndi a munthu) limene limasandutsa matabwa kukhala mlatho kapena ubweya kukhala chovala, silingapange zinthu zofuna luso lakuya ngati magalasi ndi zokongoletsera, pokhapokha wochitayo akhale kuti ntchitoyo amaidziwa kale ndi manja ake. Olemba malamulo anasiyira mmisiri malo ake. Ndipo pali dziko lina la masewerawa, Eberron, limene Keith Baker anapambana nalo mpikisano wa Wizards of the Coast mu 2002 n'kutuluka mu 2004, lomwe linatenga funso langali mozama. Kumeneko matsenga ang'onoang'ono ndi ntchito ngati ina iliyonse. Kuli amisiri otchedwa magewright, wina woyatsa nyale za mumsewu, wina wosula zitsulo, aliyense akudziwa tsenga limodzi kapena awiri a ntchito yake. Ndikhulupirira kuti wosoka nsapato ndi amene angakhale woyamba kuphunzira Mending, n'kumalipiritsa monga mwa masiku onse.

Mnzake wa Mending ndi Prestidigitation, amene bukulo limati ndi wophunzirira ana a sukulu ya matsenga. Amayeretsa nthawi yomweyo chinthu chosaposa kukula kwa ndowa ya malita 28. Amayatsa kapena kuzimitsa kandulo, muuni, kamoto kakang'ono. Amatenthetsa, kuziziritsa kapena kukometsa chakudya kwa ola limodzi. Aliyense amene anakolezapo mbaula m'mawa wa June, makala atanyowa, akukupiza ndi chivundikiro cha poto maso akulira ndi utsi wa pepala lapulasitiki, akudziwa mtengo wa kamoto kongoyaka kamodzi. Nsima yotsala dzulo ifunde popanda kuwononga makala, madzi akumwa azizire mu October wa ku Nsanje, kolala ya shati iyere opanda sopo. Za kukometsazo ndimazitenga mosamala, chifukwa masamba opanda mafuta angamveke ngati nyama koma m'thupi akhalabe masamba, ndipo mwana wonyentchera sangachire ndi kukoma. Komabe wodwala amene chakudya chikumukanika, phala likamukomera amadya.

Enchantment ndi gulu limene anthu ambiri amalisirira mumtima. Charm Person amachititsa munthu kukuonani ngati bwenzi lake kwa ola limodzi: wa lendi akudikireni, wogulitsa atsitse mtengo, amene akufunsani mafunso a ntchito akukondeni. Ine gululi ndimadana nalo, ndipo sindingalilole pakhomo panga. Kwathu nkhani za kondaine timazidziwa, ndipo ngakhale amene amakhulupirira kuti amagwira ntchito sanena kuti mwamuna wodyetsedwayo ali pa mtendere, amati anamupusitsa. Kulowa m'mutu mwa mnzako n'kukhotetsa chifuniro chake ndi kuba, ngakhale utamuchitira zabwino pa ola limenelo. Malamulo enieniwo amavomereza zimenezi: ola likatha, munthu uja amadziwa kuti munamuchita chipongwe. M'nthano zilibe kanthu, gulu lanu limakwera akavalo n'kupita mzinda wina. Pamudzi mudzakumana naye mawa pachigayo, mkuja pamaliro. Illusion ili ndi vuto lofanana pang'ono. Mphunzitsi angaonetse ana chithunzi cha mtima ukugunda m'mwamba, n'zabwino, koma msika umene aliyense angaonetse nsomba yoola ngati yatsopano sungakhalitse.

Divination imaoneka yosalakwa. Comprehend Languages amakumvetsani chilankhulo chilichonse kwa ola limodzi, ndipo m'bale wathu amene wangofika ku Johannesburg kapena ku Tete angamuthokoze, ngakhale kuti amangomvetsa, sakuthandizani kuyankha. Locate Object amakulozerani kumene kuli chinthu chanu ngati chili pa mamita 300. Apa ndi pamene ndimaima. Tsengalo limanena kumene kuli foni, silinena amene anaiika pamenepo. Ikapezeka kuseri kwa nyumba ya gogo wina wokhala yekha, mukudziwa chimene chingatsatire. Dziko lathu lili ndi lamulo la 1911 loletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, koma mpaka lero okalamba akumenyedwa ndi kuphedwa chifukwa wina waloza chala. Chida china cholozera anthu sindichifuna, ngakhale cha m'nthano. Necromancy ili ndi Speak with Dead, amene amalola kufunsa mtembo mafunso 5. Aliyense amene anaonapo abale akulanda mayi wamasiye munda ndi ziwiya angalakelake kufunsa malemuwo kuti ananena chiyani. Koma lamulo limati mayankho amakhala aafupi ndi ophiphiritsa, ndipo wakufayo sakakamizidwa kunena zoona kwa amene amamuona ngati mdani. Mlandu ungabwererenso kwa amfumu uli wovuta kuposa kale. Wilo yolembedwa munthu ali moyo imaposa pamenepo.

Wopikisana weniweni ndi Conjuration. Ili ndi Unseen Servant, wantchito wosaoneka amene kwa ola limodzi amasesa, kupinda zovala, kukoleza moto ndi kuperekera chakudya. Ili ndi Teleport, amene angakuchotseni ku Lilongwe n'kukuikani ku Mzuzu m'kuphethira kwa diso, koma ameneyu ndi wa levulo 7, ndipo kuti mumufikire munthu wanu ayenera kukhala pa levulo 13, pamene magulu ambiri a osewera safikapo n'komwe. Ndiye pali Create Food and Water: makilogalamu 20 a chakudya ndi malita oposa 110 a madzi kuchokera pa chabe, zokwana anthu 15 tsiku limodzi. Chakudyacho n'chozizira m'kamwa koma chopatsa thanzi, ndipo chikapanda kudyedwa pa maola 24 chimaola. Wansembe wa levulo 5 ali ndi mipata iwiri ya levulo 3, umene ndi msinkhu wa tsengali, ndiye angadyetse anthu 30 patsiku. Mawa ayambirenso. Akadwala, kapena akachoka, anthu 30 aja agona ndi njala.

Pa mpata womwewo wa levulo 3, Transmutation ili ndi Plant Growth. Osewera amaigwiritsa ntchito pomeretsa zitsamba kuti adani akodwe, koma ili ndi njira yachiwiri imene sindinaonepo wina akuisankha patebulo. Mukaichita kwa maola 8, nthaka yonse ya mamita 800 kuzungulira pamene mwaima imalemera kwa chaka chathunthu, ndipo mbewu zimabereka kuwirikiza kawiri. Mukawerengetsa, amenewo ndi mahekitala pafupifupi 200. Kwathu kuno mabanja ambiri amalima munda wosakwana hekitala imodzi, ndiye tsiku limodzi la munthu mmodzi lingakhudze minda ya mudzi wonse ndi ya oyandikana nawo. Wokolola matumba 10 akolole 20, opanda thumba la fetereza limene mtengo wake umagonetsa anthu ndi mutu waukulu chaka chilichonse. Chimanga chimenechi n'chenicheni, chimalowa m'nkhokwe, chimasungika, chimagulitsika, china n'kukhala mbewu. Alimi amalimabe, kupalira ndi kukolola okha, ulemu wa ntchito yawo uli pomwepo. Mvula yokha ndi imene tsengali silibweretsa. Chaka ngati cha 2024, pamene El Niño anaumitsa minda mpaka boma linalengeza za ngozi m'maboma 23 mwa 28, sindikhulupirira kuti likanapulumutsa chimanga chimene chinafota chisanamasule. Lolamulira nyengo liliko, Control Weather, la Transmutation lomweli, koma lili kutali pa levulo 8 ndipo limagwira maola 8 okha.

Chimene chimandigwedeza kwambiri pa chisankho changa ndi machiritso. Mayi amene mwana wake akutentha thupi pakati pa usiku, chipatala chili makilomita ambiri, sangafune kumva za mabeseni. Cure Wounds amatseka mabala, ndipo Lesser Restoration, wa gulu la Abjuration, amachotsa matenda amodzi mwa munthu amene mwamukhudza. M'malamulo atsopano a 2024 anasamutsira Cure Wounds ku Abjuration komweko kuchoka ku Evocation, ndiye gulu loteteza linalemera zedi. Munthu akasankha Abjuration chifukwa cha mwana wake, ine sindingamutsutse. Koma taonani masamu ake. Wochiritsa wa levulo 3 ali ndi mipata iwiri ya Lesser Restoration, odwala awiri patsiku. Nyengo ya malungo pamzere wa chipatala chaching'ono pamakhala anthu ochuluka kuposa pamenepo dzuwa lisanatuluke, ndipo wina ayenera kusankha awiri oti achire. Pamene Purify Food and Drink, wa levulo 1 wa Transmutation, amachotsa poizoni ndi matenda m'chakudya ndi madzi onse amene ali pa mita imodzi ndi theka kuzungulira, ndipo ndi wa mwambo, sadya mpata. Muime pachitsime, amayi aunjike ndowa ndi zigubu zawo pamalo amodzi, mphindi 10 zipite, anyamule, ena aike zawo. Kolera wa 2022 mpaka 2023 anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo njira yake yaikulu inali madzi. Munthu mmodzi wokhala pachitsime tsiku lonse angatchinge matenda ambiri kuposa amene ochiritsa khumi angachotse. Vuto lake n'lakuti palibe amene adzamuimbire nyimbo, chifukwa mwana amene sanadwale sadziwika.

M'masewerawa simusankha gulu la matsenga lokha, mumasankhanso mtundu wa munthu, ndipo aliyense ali ndi mndandanda wake. Wizard, katswiri wa mabuku, ali ndi Mending ndi Prestidigitation koma alibe Plant Growth, alibenso loyeretsa madzi. Bard, woimba, ali ndi timatsenga tiwiri tija ndi Plant Growth, koma pachitsime sangathandize. Amene ali ndi zambiri ndi druid, wansembe wa chilengedwe. Pa levulo 1 amasankha ma cantrip awiri, ndipo ine ndingatenge Mending ndi Druidcraft, amene amayatsanso kamoto kakang'ono ndiponso amaonetsa mmene nyengo ikhalire pa maola 24 akubwerawa. Wofuna kuyanika mphale kapena fodya, wofuna kudziwa ngati abzale mawa, msodzi wa ku Nkhotakota woopa mwera, onsewa angabwere kudzafunsa madzulo alionse. Pa levulo yomweyo druid ali ndi Purify Food and Drink, ali ndi Create or Destroy Water wopanga madzi okwana malita 38, ali ndi Cure Wounds wa tsiku la ngozi. Lesser Restoration amabwera pa levulo 3, ndiye machiritso aja sanatayike onse. Prestidigitation angamupeze pa levulo 4 posankha luso lotchedwa Magic Initiate.

Akafika pa levulo 5 ndi pamene ntchito yeniyeni imayamba. Maola 8 ndi tsiku lathunthu, ndiye ndi malo amodzi patsiku. Atayamba kumayambiriro a October anthu akugalauza, n'kumayenda mudzi ndi mudzi mpaka mvula yoyamba, masiku 30 angapereke mahekitala 6,000. N'zambiri, koma boma limodzi lokha ndi lalikulu kuposa pamenepo, ndipo midzi ina idzatsala. Ayambire kuti? Kwa amene anakolola pang'ono chaka chatha, kapena kumene nthaka ili bwino kuti chakudya chichuluke? Aime pati, poti mamita 800 akathera pakati pa munda wa mkulu ndi wa mng'ono wake? Gulupu akamutumizira mbuzi, alandire? Mwini esiteti akabwera ndi ndalama zokwana kumangira sukulu kuti amugule sabata yathunthu, akane? Bukulo lili ndi masamba ambirimbiri a mmene mungamenyere chinjoka, koma pa zimenezi silinena kanthu. Dungeon Master amene angandikonzere masewera amenewo, a druid mmodzi, midzi 40 ndi mvula imene yatsala mwezi umodzi, ndidzabwera ndi madayisi anga.